Ulusi Wofiira pa Botolo la Mayi Wosita

Mayi wosita zovala uja ankakhala kuseri kwa galaja, pomwe msewu wa tala umathera n'kuyamba wafumbi. Nyumba inali ya zipinda ziwiri. Chakutsogolo chinali cha ntchito: tebulo lalitali loyalapo bulangete lakale, simbi ziwiri, ina yabwinobwino, ina yoti uyambe waigwedeza chingwe kuti itenthe, ndi waya wochoka khoma ili kukafika khoma ilo, wolendewerapo malaya a anthu a m'maofesi. Chakumbuyo chinali cha amuna ake.

Amuna akewo anthu ankawatchulabe a Dalaivala, ngakhale chiwongolero cha basi anachisiya kalekale. Sitiroko inawapeza m'mawa wina atawerama kumanga zingwe za nsapato. Inawalanda dzanja lamanja, mwendo wamanja ndi mawu onse a m'kamwa, n'kuwasiyira limodzi lokha, lomwe ankakuwira apaulendo: tiyeni. Akafuna madzi, tiyeni. Msana ukawawa, tiyeni. Abusa atabwera kudzawapempherera, asanakhale n'komwe pampando, a Dalaivala anati tiyeni, abusawo n'kuyang'ana kukhomo.

Chaka chomwecho dokotala anamuyeza magazi nayenso mayiyo. Anati muli mafuta ochuluka, omwe aja anatseka mtsempha wa amuna ake, ndipo akapanda kumwa piritsi tsiku ndi tsiku, adzapezeka wagona pabedi loyandikana ndi lawo. Iye anayang'ana mikono yake yowonda ngati mipini ya tsache, n'kudzifunsa kuti mafutawo akubisala pati. Komabe sanatsutse.

Mankhwala ena onse a amuna ake ankaperekedwa kuchipatala, a miyezi ingapo nthawi imodzi. A mafuta okhawa ankawatengera ku famase ya pamphambano, botolo la mwezi umodzi la a Dalaivala, botolo la mwezi umodzi lake. Koma kuti afike pamphambanopo pankafunika munthu wotsala ndi wodwala, ndipo munthu wake anali mmodzi yekha, mlamu wake, mlongo wa a Dalaivala, yemwe ukamupempha Lolemba amatulukira Lachisanu la sabata ina. Ndiye mayiyo anapeza nzeru. Mapiritsi a mabotolo onse awiri anali oyera, ofanana m'maso, ntchito yake imodzi. Botolo la amuna ake likatha, ankatsegula lake n'kumawapatsa. Ulendo wa mwezi ndi mwezi unasanduka wa miyezi iwiri. Iye mwini sankamwa kanthu, ndipo panalibe chomuwawa kupatula zidendene, zomwe zinayamba kuwawa dokotala uja asanabadwe.

Tsiku limene ndikunenali botolo lachiwiri linali litatha dzulo lake. Anawasambitsa a Dalaivala, anasintha nsalu za pabedi, kenako anawakweza pampando wa pawindo monga ankachitira m'mawa uliwonse: bondo lake pakati pa mawondo awo, mikono yake m'khwapa mwawo, mpweya kuukoka, n'kunyamula. Bambo aja anali chimunthu, ndipo matenda anawatengera zambiri koma sanawatengere kulemera. Atawakhazika anaima kaye atagwira khoma mpaka nyenyezi zinachoka m'maso.

Mlamu anafika dzuwa litakwera, chikwama chachikulu paphewa, fungo la mafuta onunkhira litatsogola.

"Odi kuno! Achimwene, mwadzuka bwanji? Mukunenepatu inu. Mlamu akukudyetsani chiyani chomwe ife sitikudya?"

"Tiyeni," anatero a Dalaivala.

"Tipite kuti, achimwene? Basi yake iti?" Mlamu anaseka n'kudzigwetsa pa mulu wa nsalu zosita kale.

"Mlamu, mwakhalira ntchito yanga."

"Ii, pepani. Ndimayesa ndi khushoni."

Mayi wosita anamutengera pawindo pomwe mabotolo anandandalika. Maso a mlamu sankaona tizilembo, koma magalasi ankawakana, ati amakalambitsa munthu. N'chifukwa chake botolo lililonse la a Dalaivala linali ndi ulusi pakhosi: woyera a m'mawa, wakuda a masana, wofiira a madzulo.

"Masana mupereke a ulusi wakuda okha. Ofiirawo musakhudze, ndidzapereka ndekha."

"Musachedwetu, mlamu. Ine kwanga ndasiya zovala m'beseni."

"Zomwe zija munasiya ulendo watha?"

"Zomwezo. Sizinayerebe."

Mayi wosita anaponya m'jumbo mabotolo awiri opanda kanthu aja, poti ku famase ankafuna kuona akale asanapereke atsopano, n'kutuluka. Panjira sanaone kanthu. Ankangoganiza za nsalu za kuhotela zomwe zinkafunika mawa, ndi magetsi omwe anathima m'mawa osanena kuti abwera liti.

Famase inali chipinda chopapatiza pakati pa sitolo ya penti ndi malo ometera. Chitseko chinali ndi belu lolira mosasa. Kudenga fani inkazungulira ngati ikuchita kukakamizidwa, pakona panali sikelo yomwe inkauza aliyense kulemera kumodzimodzi, ndipo m'mbali mwa khoma munali benchi. Mwini wake anali mkulu wamtali wowerama msana, wa magalasi awiri, ena pamphuno, ena akulendewera pachingwe. Kumbali anthu ankawatcha a Magalasi. Pamaso ankawatcha adokotala.

Kutsogolo kunali mlonda wina yemwe ankafuna mankhwala oletsa tulo, ndipo a Magalasi ankamufotokozera mofatsa kuti mankhwala ake ndi bedi. Mayi wosita anakhala pabenchi. Aka kanali koyamba kukhala pansi chidzukireni, ndipo tulo tinamuba jumbo ili m'manja.

"Mayi a kwa a Dalaivala!"

Anadzidzimuka. Mlonda anali atapita.

"Ndimayesa munasamukira dziko lina," anatero a Magalasi.

"Ndisamuka bwanji, adokotala, ndi bambo aja kumsana?"

"Si ine dokotala, mayi. Ndikanakhala dokotala bwenzi ndili ndi mpando. Ali bwanji?"

"Alipo. Akudya, akugona, akutilamula."

Anaika mabotolo patebulo. Maulendo onse a Magalasi ankafunsa chifukwa chochedwera, iye ankayankha kuti anali ndi otsala, iwo ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kumukumbutsa kuti mankhwala omwedwa bwino satsala. Lero sanafunse. Anatenga botolo la mayiyo n'kumalitembenuza m'zala. Pakhosi pake panali ulusi wofiira. Masiku onse ankaudula ndi mano panjira, asanafike pamphambano. Lero mutu unali kuhotela.

A Magalasi ankaudziwa ulusiwo. Anauyamikira kalekale, mpaka ankaphunzitsa anthu ena osamalira odwala kuti azichita chimodzimodzi.

"Wofiira uja paja munati ndi wa nthawi yanji?"

"Wa madzulo."

"Madzulo a ndani?"

Mayiyo anayang'ana fani.

"Botolo ili ndi lanu, mayi. Inu maso anu ndi akuthwa, mumaona banga pa kolala muli kutsidya la msewu. Ulusi mumamangira alamu anu. Kodi alamu anu amakumwetsani mankhwala inuyo?"

"Si amodzimodzi nanga? Oyera onse."

Belu linalira, mtsikana wina analowa kudzagula bandeji. A Magalasi anamuthandiza, anadikira chitseko chitsekeke, kenako anakoka kampando kakang'ono kumapeto kwa tebulo, kuseri kwa shelefu ya sopo, komwe wolowa sangamve.

"Khalani apa. Ine ndazolowera kuima."

Anakhala.

"Mtundu ndi umodzi, zoona," anatero a Magalasi. "Koma mphamvu ndi yosiyana. A bambo ndi amphamvu kuposa anu, chifukwa iwo anagwa kale. Mwezi umene mumawapatsa anuwo, amamwa operewera. Inu simumwa n'komwe. Botolo limodzi likunamiza anthu awiri."

Izi mayiyo anali asanaziganizepo. Kuti iye sakumwa ankadziwa, ndipo sizinkamusowetsa tulo. Koma kuti amuna ake, omwe sanawadumphitsepo piritsi ngakhale tsiku lomwe iye ankanjenjemera ndi malungo, akhala akumwa operewera kuchokera m'dzanja lake lomwe, imeneyo inali nkhani ina.

"Ndawapweteka?"

"Simunawaphe ndi njala, mwangowachepetsera mbale. Ndiwauza adokotala awo kuti adziwe, ndipo za iwo tikonza lero lomwe. Ine amene akundidetsa nkhawa ndi inu."

"Ine sindikudwala."

"Magazi anu akunena zina."

"Adokotala, kudwala ndimakudziwa ine. Ndimakusambitsa m'mawa uliwonse, ndimakupukuta, ndimakutembenuza. Tsiku lonse m'manja mwanga muli mapiritsi. Oyera, achikasu, odula pakati, opera pa supuni. Ndikamaliza kuwamwetsa bambo, ndikaona piritsi lina pakhosi pamangotseka. M'nyumba muja malo a wodwala ndi amodzi, ndipo ali ndi mwini wake."

Ananena mopanda kukweza mawu, ngati akuwerenga zovala za kasitomala. A Magalasi anavula magalasi a pamphuno n'kutikita maso. Popanda magalasi ankaoneka okalamba kwambiri, ndipo m'munsi mwa maso munali matumba. Anapisa dzanja m'thumba la jasi lawo loyera n'kutulutsa kabotolo kofufutika zilembo.

"Awa ndi anga. Omwewo. Ndayamba kalekale, ndipo palibe tsiku lomwe ndinamva kuti andithandiza. Mankhwala a mutu umamva mutu ukuleka, umathokoza. Awa ntchito yawo ndi yoti pasachitike kanthu. Munthu umatopa kumwera chinthu chosachitika. Ndimawagulitsa ndine, koma masiku ena ndimawayang'ana ngati anandilakwira."

"Ndiye mumamweranji?"

"Mantha, mayi, basi. Komatu ine ndikagwa, mwana wanga atseka muno n'kutsegula saluni, anthu azikagula kwina. Mukagwa inu, bambo aja adzawakweza pampando ndani? Alamu anu?"

Mayiyo anaseka asakufuna. M'maganizo anamuona mlamu, chikwama paphewa, akukoka chimunthu chija ndi nsonga za zala kuopa kuthyola zikhadabo. Koma kuseka kuja kunazima kokha, chifukwa kumbuyo kwake anaona china: chipinda chija, mabedi awiri, anthu awiri akuyang'ana kudenga, wina akuti tiyeni, winayo osatha kunena ngakhale limenelo. Ndipo simbi zili zii kutsogolo.

A Magalasi anavalanso magalasi n'kubwerera kuntchito. Anadzaza mabotolo awiri, anamata zolemba, n'kumuonetsa manambala a mphamvu kuti aone yekha kusiyana kwake. Anati aimbira adokotala kuti ngati n'kotheka azilemba a miyezi ingapo nthawi imodzi, a anthu onse awiri, kuti ulendo uzikhala umodzi.

"Zikachedwa, a mwezi wamawa ndidzabweretsa ndekha. Ndimadutsa pagalaja popita kwathu."

"Ayi, musavutike. Ine si wopemphetsa."

"Sindinati ndinu wopemphetsa."

"Anthu adzati mayi uja wafika poyenderedwa ndi famase."

Ankalankhula maso ali pa jasi lawo, poti maso a wosita sapuma. Kolala inali yokwinyika ngati tsamba louma, ndipo pamwamba pa thumba panali chipsera chachikasu chooneka mphuno ya simbi.

"Jasi limeneli amakusitirani ndani?"

"Ndekha."

"Zikuoneka. Mumasita ndi njerwa?"

A Magalasi anadziyang'ana pachifuwa. Kenako analowa kuseri, anatsitsa pamsomali jasi lina, loipa kuposa loyambalo, analipinda mwachisawawa n'kuliika m'jumbo mwake pamwamba pa mabotolo.

"Ndiye ndidzabwera kudzatenga jasi langa. Botolo lidzangonditsatira. Pamenepo anthu adzati chiyani?"

"Adzati munthu wamkulu waphunzira manyazi."

"Chabwino. Tsopano ndiuzeni, ndi nthawi iti yomwe simuiwala, ngakhale mutatopa chotani?"

"Ya mankhwala a bambo."

"Muzimwa anu nthawi yomweyo, madzulo. Botolo lanu mulimange ulusi wa mtundu wina, woti alamu anu asadzaukhudze. Minofu ikayamba kuwawa mwachilendo, mudzandiuze, tidzaona chochita ndi adokotala. Osangosiya mwakachetechete." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Bambo akudziwa zimenezi?"

"Adziwa bwanji, munthu salankhula."

"Makutu sanagwe nawo, mayi."

Mayiyo anavomera ndi mutu monga anthu amavomerera mu famase, n'kutuluka. Asanafike pagalaja anali atagamula kale mlandu. Botolo la amuna ake likhala la amuna ake, limenelo sabwerezanso. Lakelo aliika pashelefu, adzaliona tsiku lomwe adzapeze mpata. A Magalasi ndi munthu wabwino, koma sanyamula munthu m'mawa uliwonse.

Anapeza mlamu ataima kale pakhomo, chikwama paphewa.

"Mwachedwatu, mlamu! Akuda aja ndapereka. Achimwene anandilavulira limodzi, ndinatola, ndinapukuta, anameza. Magetsi abwera. Ndapita!"

Mayiyo anaponya jumbo pabedi n'kuthamangira simbi, poti magetsi akabwera sufunsa kuti akhala mpaka liti. Anasita nsalu za kuhotela mpaka dzuwa linafiira pawindo. Kenako anatenthetsa supu, anawadyetsa a Dalaivala, anawapukuta pakamwa, n'kuwabweza pabedi, bondo pakati pa mawondo, mikono m'khwapa. Pochita zonsezi ankalankhula, monga anazolowerera zaka zonsezi, momwe munthu amalankhulira ndi wailesi, osadikira yankho.

"A Magalasi andigwira lero, bambo. Ulusi uja ndinaiwala kudula. Ati miyezi yonseyi ndimakupatsani mapiritsi anga, ochepa mphamvu. Pepani, sindimadziwa. Ati anga ndizimwa ndekha, ndingagwe ngati inu." Anakonza pilo. "Ngati kuti ine ndili ndi nthawi yogwa. Ndigwa liti, nsalu za kuhotela zili apo?"

Sanawayang'ane kumaso. Anamasula ulusi wofiira pabotolo lakale n'kuumanga pa latsopano la amuna ake, anatulutsa mapiritsi a madzulo, anawaika pa supuni, kapu ya madzi kudzanja linalo.

"Tsegulani, bambo."

Pakamwa panali potseka.

"Bambo, tsegulani."

Mbali ya nkhope yomwe inkagwirabe ntchito inali italimba ngati chibakera. Anayesa madzi ndi chala, mwina azizira kwambiri. Anawagwira pachipumi. Anasuzumira ngati pilo yapinda khosi.

"Chonde, bambo, ndatopa. Si lero lochita zimenezi."

Dzanja lamanzere la a Dalaivala linanyamuka pang'onopang'ono. Linadutsa supuni, linadutsa kapu, linakwawa pabulangete mpaka linapeza jumbo. Linakoka jasi la a Magalasi n'kuligwetsa pansi. Linafufuza mkati, mapepala akuchita phokoso, n'kutuluka ndi botolo lopanda ulusi. Anayesa kulitsegula ndi chala chachikulu, koma dzanja limodzi silitsegula botolo la ku famase. Analiika pamiyendo ya mkazi wawo.

Liwu lawo lija sananene. Anangomuyang'ana. Mayiyo anawadziwa maso amenewo. Ndi omwe ankayang'ana nawo pagalasi la basi munthu akakakamira kuima pakhomo. A Dalaivala sankakangana ndi wapaulendo. Ankangozimitsa injini, n'kupinda manja, mpaka munthuyo akhale pansi.

"Nanunso? Mwapangana ndi a Magalasi?"

Zii.

"Ndimwa mawa. Imwani anuwa kaye."

Zii.

Anaika supuni pansi n'kupinda manja nayenso, kuti aone wotopa msanga. Kutsogolo simbi inkalira tike, tike, ikuzizira. Pagalaja munthu ankakhoma chitsulo, kenako analeka. Koma mpikisano wodikira sungapambane ndi munthu amene ntchito yake yatsala ndi kudikira. Iye nsalu zinkamuyembekeza, zidendene zinkayaka, ndipo mapiritsi a amuna ake, amphamvu yake yeniyeni, anali pa supuni osamwedwa.

"Mwandipambana, a Dalaivala," anatero.

Anatsegula botolo. Piritsi linali laling'ono, lopepuka kuposa batani la kolala. Analiika palilime, anamwera madzi a m'kapu ya amuna ake. Linaima pakhosi kanthawi, kenako linatsika. Anadikira kuti amve kanthu. Sanamve kanthu, monga a Magalasi ananenera.

Atatembenuka anapeza pakamwa pa amuna ake pali potsegula. Anameza awo onse osalavula ngakhale limodzi.

"Tiyeni," anatero a Dalaivala, n'kutseka maso.

Mayiyo anatenga chitini cha singano n'kufufuza. Munali ulusi wobiriwira wotsala pa yunifolomu ya kasitomala wina yemwe anasamuka. Anauluma, anaumanga pakhosi pa botolo lake, mfundo ziwiri monga ankamangira enawo, n'kuliika pawindo kumapeto kwa mzere. Mzere uja unatalika ndi botolo limodzi. Anauyang'ana n'kuusa moyo, poti ankadziwa kuti mawa madzulo pakamwa paja padzatsekanso, ndi mkuja yemwe, ndipo palibe tsiku lomwe a Dalaivala adzaiwale, chifukwa tsopano apezanso ntchito.

Anatola jasi pansi, analikung'untha, n'kupita nalo kutsogolo. Simbi yabwino inali itazizira, ndiye anagwedeza chingwe cha inayo mpaka kanyali kanayaka. Anayala jasi pabulangete, anawaza madzi pa kolala. Ili nalo linali ndi chipsera pathumba, chakale, cholowerera mu nsalu. Chimenecho sichikanachoka. Anayamba ndi manja a jasi.